Mwina Tibwerere, Ba Kaputeni

Ndinakulira m'mbali mwa msewu waukulu wopita kum'mawa, mtunda pang'ono musanafike pa boma la Rufunsa. Makolo anga anachoka ku Katete ine ndisanabadwe, kudzafuna malo olima. Atate ankalima chimanga, ndipo anali ndi kagolosale ka chipinda chimodzi pomwe madalaivala a malole ankaima kugula zakumwa ndi mabanzi. Amai ankagulitsa nthochi ndi mtedza pamawindo a mabasi. M'nyumba mwathu munalibe amene anakwerapo ndeke, koma tinali ndi munthu wathu amene ankaiyendetsa, ndipo zimenezo zinkatipatsa ulemu pamsewu ponse.

Munthuyo ndinkawatcha amalume, ngakhale sanali a bere limodzi ndi amai. Anali a pfuko limodzi ndi amai, ndipo anakulira mudzi umodzi ndi atate, kuweta ng'ombe limodzi. Anali ndi famu cha ku Mpanshya, kumene ankabwera akakhala pa tchuthi, ndipo popita kumeneko sankadutsa osaima pakhomo pathu. Galimoto yawo ikangoima, azimai a pamsika ankasiya malonda n'kuthamangira kudzapereka moni: "Ba Kaputeni, mwabwera! Muli bwanji?" Ine ndinkawabweretsera madzi m'kapu yosungira alendo, n'kugwada mpaka atamaliza kumwa.

Ndiwo amene anaona kuti ndimakhoza masamu. Tsiku lina anapempha lipoti langa la kusukulu, analiwerenga chiimirire, n'kuuza atate kuti, "Mtsikana uyu musamufulumizire ukwati. Mundipatse ine." Nditamaliza sekondale anandilembera kalata, anandiperekeza okha kukalemba mayeso olowera sukulu ya zoyendetsa ndeke, ndipo tsiku limene ndinauluka ndekha koyamba iwo anali ataima pansi, manja m'thumba. Nditatera anangoti, "Tayala lakumanzere layamba kukhudza pansi." Koma amai anandiuza pambuyo pake kuti tsiku lomwelo anaimba foni kwathu mawu akunjenjemera ndi chimwemwe.

Patapita zaka ndinalembedwa ntchito pa kampani yomwe iwo ankagwirako. Ndinali wachiwiri kwa kaputeni, wokhala mpando wa kumanja. Amalume anali katswiri, palibe ankatsutsa. Ankatera mofatsa moti okwera ena ankadziwa kuti afika poona anzawo akumasula malamba. Komanso anali munthu wosafuna kuuzidwa. Anzanga ena ankasinthana masiku mwakachetechete kuti asauluke nawo. M'chipinda chopumira ankakonda kunena kuti zaka zonse zimene akhala m'mwamba sanabwererepo panjira chifukwa cha mvula.

"Ana a masiku ano," ankatero, "akangoona kamtambo, thukuta kamukamu. Ndeke siyendetsedwa ndi buku lokha."

Ife tinkaseka. Wamkulu akaseketsa umaseka basi.

Buku limene ankalinyozalo limanena momveka. Ndeke ikamatsika kuti itere, pali msinkhu wina pomwe zonse ziyenera kukhala zitakhazikika: liwiro likhale loyenera, katsikidwe kakhale koyenera, msewu woterapo ukhale utawongoka kutsogolo. Chimodzi chikalakwika, aliyense mwa awiriwo, kaya wamkulu kaya wamng'ono, anene mawu awiri a Chingerezi otanthauza kuti bwererani m'mwamba. Mawuwo akamveka palibe kufunsana. Mumawonjezera mphamvu, mumakwera, kenaka mumayesanso kapena kupita bwalo lina. Ndipo wamkulu akapanda kumvera, wamng'ono ayenera kulanda chiwongolero. Tinkazichita mobwerezabwereza m'makina ophunzirira mpaka pakamwa panazolowera. Mphunzitsi wathu ankati, "Musamapemphe. Muzilamula."

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali la m'dzinja, mvula ili pachimake. Tinkayenera kunyamuka ku Lusaka m'mawa kupita ku tauni ina ya kumpoto, koma tinachedwa maola atatu chifukwa amakaniko ankasintha kachipangizo kena. Ndeke yathu inali ya mapulopela awiri, ndipo inali yodzaza. Woyang'anira okwera anali mai wina wa ku chigawo cha Migodi, wa ana atatu, amene tonse tinkawatcha ba sisi. Anali atauluka zaka zambiri kuposa ine, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kumanga tsitsi kuti lisamakodwe ku zomvera za kukhutu. Asanatseke chitseko anasuzumira kutsogolo kumene tinali.

"Ba Kaputeni, anthu akwiya. Pali ena akuthamangira maliro, kuika ndi madzulo ano."

"Auzeni kuti akafika lero," amalume anayankha osatembenuka.

Gawo loyamba la ulendo linali labata. Tinakwera pamwamba pa mitambo, dzuwa likuwala. Apa ndi pomwe tinalakwa koyamba, ngakhale sizinkaoneka ngati kulakwa. Tikakhala awiri, amalume ankasiya Chingerezi cha ntchito n'kuyamba Chinyanja, ine n'kutsatira. Anandifunsa za atate, za mbewu yomwe anabzala chaka chimenecho, n'kundifotokozera za ng'ombe yawo yomwe inathyola khola n'kukadya chimanga cha mnansi ku famu. Tinaseka kwambiri. Pofika nthawi yoyamba kutsika, ndinali nditaiwala kuti ndili pa ntchito. Ndinkamva ngati takhala pakhonde kwathu.

A pa nsanja ya bwalo limene tinkapitako anatiuza kuti kukugwa mvula yamphamvu, mphepo ikusinthasintha, ndipo pamsewu woterapo pali madzi. Posakhalitsa tinamva pa wailesi woyendetsa ndeke ina yomwe inali patsogolo pathu akunena kuti walephera, akubwerera. Ndinayang'ana mafuta. Anali okwanira kudikira m'mwamba kuti mvula ipite, kapenanso kukatera bwalo lina. Ndinawauza choncho. Koma amalume anali atamuzindikira woyendetsa ujayo ndi mawu, chifukwa anamuphunzitsa ndi iwo.

"Ameneuja ndi wamantha kuyambira kale," anatero, akuseka pang'ono. "Ife tikatera."

Tinalowa mumtambo. Mvula inkamenya galasi ngati chimanga chokhuthulira pa malata, ndeke ikugwedezeka uku ndi uku. Iwo ndiwo ankayendetsa. Ntchito yanga inali kuwerenga zida ndi kunena zimene ndikuona. Ndinati liwiro lakwera. Anati akudziwa. Ndinati tili pamwamba kwambiri. Sanayankhe. Tinafika pa msinkhu uja wa m'buku palibe n'chimodzi chomwe chili m'malo mwake. Mawu awiri aja anali pa lilime langa, ndipo dzanja langa lamanzere linali litachoka kale pabondo kupita ku zowonjezera mphamvu.

Ndinati, "Mwina tibwerere, ba Kaputeni."

Ndinanena m'Chinyanja, motsitsa, mmene munthu amauzira wamkulu kuti wasochera njira popanda kumuchititsa manyazi.

"Msewu ndikuuona, mwana wanga," anayankha. "Khala chete pang'ono."

Ndinakhala chete. Dzanja ndinalibweza pabondo.

Msewuwo analidi atauona. Unatulukira mumvula uli pansi pathu, koma gawo lalikulu tinali titalidutsa kale. Chifukwa cha liwiro ndeke inkangoyandama, osafuna kukhala pansi. Matayala atakhudza, mabuleki sanagwire, tinkangotsetsereka pamadzi. Ndinaona nyali zofiira za kumapeto kwa msewu zikubwera, kenaka zinali kumbuyo kwathu. Tinalowa m'udzu, m'matope, mwendo wa tayala lakutsogolo n'kuthyokera mungalande. Mphuno ya ndeke inamenya pansi, lamba n'kundicheka paphewa. Kenaka kunali zii. Ndinkangomva mvula, ndi khanda lina likulira kumbuyo.

Tinazimitsa injini monga mwa lamulo, manja akuchita okha. Amalume anakhala kanthawi atagwirabe chiwongolero. Mawu awo oyamba anali akuti, "Mphepo yatitembenukira."

Palibe anamwalira. Anthu amati chinali chisomo, ndipo sindikutsutsa. Okwera anatuluka okha mumvula, ena opanda nsapato, ena akutuluka magazi pamphumi. Koma ba sisi sanatuluke okha. Mpando wawo unali kutsogolo, pafupi ndi chitseko, pomwe pansi panapindika. Anatsegula chitseko ali chikhalire, anakuwira anthu kuti atuluke mpaka womaliza, kenaka nditafika pomwe anali anandikoka malaya.

"Iwe," anatero, "miyendo yanga sindikuimva bwino."

Anawatulutsa pa machira.

Kampani inatiimitsa ntchito tonse awiri podikira kafukufuku. Sindinafune kukhala ndekha ku Lusaka, choncho ndinakwera basi ya ku Chipata n'kutsikira kwathu. Nkhani inali itafika kale pa wailesi ndi pa mafoni, koma pamsewu pathu inafika mwa mtundu wina: akuti ba Kaputeni apulumutsa anthu onse ku mphepo yoopsa. Mai wogulitsa makala pafupi ndi siteji anandigwira manja onse awiri, misozi ili m'maso. Lamlungu m'tchalitchi abusa anayamika Mulungu chifukwa cha luso limene anapatsa mtumiki wake, mpingo wonse n'kuwomba m'manja, azimai akululuta. Ine ndinali pa benchi ya azimai, nditamanga chitenje, maso ali pansi.

Masiku otsatira ndinkapita kumunda ndi amai kukapalira. Manja anali atafewa, moti tsiku lachiwiri anatuluka matuza, koma sindinasiye. Ndinkafuna kutopa. Chakudya sichinkatsika. Ndeke ikamadutsa pamwamba kulowera kum'mawa, amai ankaimirira kuiyang'ana monga mwa chizolowezi chawo, ine n'kuwerama kwambiri pa khasu. Dzanja langa lamanzere ndinkadana nalo. Ndinkaliyang'ana likugwira mpini mwamphamvu n'kumadzifunsa kuti linabwereranji pabondo.

Lachitatu la sabata yachiwiri, cha kumasana, galimoto ya amalume inaima pakhomo. Anali ataonda kumaso. Atate anatulutsa mipando iwiri n'kuika pansi pa mtengo wa mango, ine ndinakhala pa mphasa chapambali. Anakamba za feteleza, za msewu wa ku Shikabeta womwe unali utakumbika ndi madzi. Kenaka amalume anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, a kafukufuku akutiitana Lolemba."

"Ndamva, amalume."

"Akakufunsa, uwauze zimene zinachitika. Mphepo inatembenuka titatsala pang'ono kufika pansi. Iwe ndi ine tinagwirizana kuti titere."

"Sitinagwirizane, amalume. Ndinati tibwerere."

"Unati mwina." Anandiyang'ana m'maso. "Mwina si lamulo. Ukanakhala wotsimikiza ukananena mawu a ntchito, amene ukuwadziwa bwino. Sunanene. Ndiye kuti nawenso unaona kuti tingatere."

Chimene chinandipweteka n'chakuti mbali ina ya mawu awo inali yoona. Mawu a ntchito sindinawanene. Sananene mokalipa, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika tsikulo anali atadzifotokozera nkhaniyo kambirimbiri mpaka anaikhulupirira. Anaimirira, anasiyira amai thumba la mbatata za ku famu, n'kupita.

Fumbi la galimoto lisanathe, atate anandiitana.

"Munthu uyu ndi amene anakukweza. Popanda iye bwenzi uli pano ukugulitsa nthochi pa basi. Watsala pang'ono kupuma ntchito. Kodi ukufuna atuluke ndi manyazi? Liwu limodzi lingakuphe?"

"Atate, mundeke muli kabokosi kojambula zonse zimene timalankhula kutsogolo. Amva kale."

"Kabokosi kamajambula mawu, sikajambula mtima. Za mumtima akafunsa iwe."

Atate sanali munthu wabodza. Anali mkulu wa mpingo, ndipo sikelo ya mugolosale yawo inkadziwika kuti siiba. Koma kwa iwo kusayamika linali tchimo lalikulu kuposa onse, ndipo sankaona kuti akundipempha chinthu choipa. Amai anamva zonse ali kukhitchini. Mawa lake tikuthyola chibwabwa, masamba a maungu aja, anandifunsa, osandiyang'ana, kuti mai wovulala uja ali bwanji. Ndinati sindikudziwa, sindinapiteko.

"Uyambe wapita kumeneko," anatero, "usanapite kwa anthu a mafunso."

Loweruka ndinabwerera ku Lusaka n'kupita molunjika kuchipatala. Ndinapeza ba sisi atagona chagada, atawachita opaleshoni ya msana, mwana wawo wamkazi wamkulu akuwakupiza ndi kabuku. Anamutuma kukagula madzi kuti titsale awiri.

"Wabwera," anatero.

"Ndachedwa, ba sisi. Pepani."

"Khala apa. Ine zaka zonsezi ndeke ndimaidziwa ndi makutu. Tsiku lija ndinamva kuti tathamanga. Ndinadziuza kuti ndisade nkhawa, kutsogolo kuli kamtsikana kaja kokonda buku, kanena. Unanena?"

"Ndinanena. Koma motsitsa."

Anatseka maso nthawi yaitali moti ndinkaganiza kuti agona.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga," anatero pomaliza. "Ndinawauza za anthu a maliro. Munthu ngati uja sumuuza kuti anthu akwiya. Ndinkawadziwa."

Ndinayamba kunena kuti ayi, iwo sanalakwe, koma anandidula.

"Usanditonthoze. Ukanene zonse: zako, zawo, ndi zangazo."

Lolemba ndinalowa m'chipinda chokhala ndi tebulo lalitali. Munali anthu atatu ndi womasulira. Wotsogolera anali bambo wa imvi, amene kale anali woyendetsa ndeke. Wina anali mzungu wochokera kunja, wosadziwa Chinyanja. Anayatsa zimene kabokosi kanajambula. Ndinadzimva ndikuseka za ng'ombe. Ndinamva mvula pagalasi. Kenaka ndinamva mawu anga. Sindinkadziwa kuti anali aang'ono chotero. M'mutu mwanga ndinkakumbuka kuti ndinachenjeza, koma zimene zinatuluka m'makinawo anali mawu a mwana amene akupempha chilolezo.

Mzungu uja anafunsa tanthauzo, womasulira n'kumuuza. Anafunsanso ngati mawuwo ndi funso kapena lamulo, ndipo womasulira anasowa choyankha. Bambo wa imvi sanafune womasulira. Anandifunsa m'Chinyanja.

"Mai, pa nthawi imeneyo, kodi munkakhulupirira kuti mutera bwino?"

Ili ndilo funso limene atate ankanena. Ndikanatha kuyankha kuti inde, ndipo kabokosi sikakananditsutsa. Ndinapempha madzi, ndinamwa.

"Ayi. Ndinkadziwa kuti sititera bwino."

"Nanga bwanji simunanene mawu a lamulo? Bwanji simunalande chiwongolero?"

"Ndi amalume anga," ndinatero. "Ndiwo anandiphunzitsa."

Bamboyo sanadabwe. Analemba, n'kundiuza kuti ndipitirize. Ndinanena za mafuta amene anali okwanira, za ndeke ina yomwe inabwerera ndi mmene amalume anaisekera, za anthu a maliro, za dzanja langa. Potuluka ndinakumana ndi amalume pakhonde akudikira nthawi yawo, atavala suti yakuda. Ndinapinda mawondo kuwapatsa moni. Anandiyang'ana kumaso n'kudziwa. Sanayankhe.

Zotsatira zinatenga miyezi. Amalume anawachotsa pa ukaputeni, n'kuwapatsa mwayi wobwerera ku maphunziro ndi kukhala mpando wa kumanja kwa kanthawi. Anakana. Anati sangakhale pansi pa ana amene anawaphunzitsa okha. Anasiya ntchito n'kupita ku famu. Ine anandibwezera ku makina ophunzirira, kumene mphunzitsi ankachita dala zolakwika kuti ndimulande chiwongolero, tsiku ndi tsiku, mpaka anakhutira. Kampani inaletsa achibale kuuluka limodzi, ndiponso kulankhula za kunyumba pa nthawi yotsika. Ba sisi anayambanso kuyenda patapita nthawi yaitali, ndi ndodo. Sanaulukenso. Anawapatsa ntchito ya mu ofesi, yokonza mapepala a maulendo.

Kwathu nkhani inatembenukanso. Tsopano ankati mwana amene ba Kaputeni anamukweza ndi amene wawapereka kuti atenge mpando wawo. Galimoto yawo inayamba kudutsa osaima. Amai anandiuza kuti atate ankaima pakhomo la golosale kuiyang'ana mpaka itakhota paphiri. Atate sanandidzudzulenso, koma anasiya kundifunsa za ntchito, ndipo chithunzi changa cha yunifolomu chinachoka pakhoma la mugolosale n'kupita kuchipinda. Azimai ena kutchalitchi ankayankha moni wanga ndi mphuno. Ndinayamba kubwera kwathu mwa apo ndi apo, ndipo ndikabwera ndinkangogona usiku umodzi.

Panapita zaka zitatu ndisanalankhulane ndi amalume. Kenaka amai anaimba foni kunena kuti agwa m'munda ndi sitiroko, ali ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya.

"Anena kuti akufuna kundiona?" ndinafunsa.

"Sananene. Koma upite."

Ndinakwera basi, ndinatsikira pamphambano, n'kudikira minibasi yomwe inadzaza mochedwa ndi matumba a chimanga ndi azimai opita kukazonda odwala. Ndinafika dzuwa litapendeka. Akazi a amalume anali panja akuchapa. Atandiona anapukuta manja pa chitenje, anandiyang'ana kanthawi, kenaka anangondilozera chitseko.

Amalume anali pa bedi la pafupi ndi zenera. Thupi lalikulu lija linali litatha, pakamwa patakhotera mbali imodzi, mkono wamanzere utagona pa bulangeti ngati wa munthu wina. Ndinagwada pambali pa bedi.

"Mwachoma bwanji, amalume?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi.

"Ukuulukabe?"

"Inde."

"Mpando uti?"

"Wa kumanja."

Anagwedeza mutu. Pa bedi loyandikana munthu ankatsokomola, panja wina ankapopa njinga. Ndinawauza kuti atate apereka moni, ngakhale atate sanadziwe n'komwe kuti ndabwera.

"Unawauza kuti ndine malume ako," anatero. "Pamaso pa alendo. Unawauza kuti ndinaseka mnzanga."

"Inde, amalume."

"Unandivula."

"Pepani."

Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinkapepesa. Bodza sindinanene, ndipo akanandifunsanso ndikanayankha chimodzimodzi. Koma mawuwo anatuluka, ndipo anali ochokera mumtima.

Anatembenuzira nkhope kuzenera. Ndinkaganiza kuti atha, ndipo ndinayamba kudzuka, koma anayambanso.

"Ndakhala ndikuganiza. Ku famu nthawi ndi yambiri. Ukanakuwa tsiku lija, sindikudziwa ngati ndikanamva. Ukanagwira chiwongolero ndikanakumenya dzanja. Zimenezo ndikudziwa."

Ndinali nditabwera ndikuyembekeza kuti andikalipira kapena andikhululukira, ndipo zonse ziwiri ndinali nditazikonzekera. Izi sindinazikonzekere. Sanati analakwa. Sanatinso ine ndinalakwa. Mwina ankafuna kundipeputsira katundu, koma sanapepuke. Akanandimenya dzanja, inde, koma ndikanagwiranso. Kapena tikanalimbana mpaka kugwa moipa kuposa mmene tinagwera. Palibe amene angandiuze, ndipo ndimaziganizabe.

Nesi analowa ndi mankhwala. Atatuluka, amalume anafunsa kuti, "Nanga mai uja?"

"Amayenda ndi ndodo. Mwendo wakumanja amaukoka. Kukazizira samagona ndi ululu."

Sindinachepetse kalikonse. Anatseka maso. Patapita kanthawi anati ndisiye nambala ya foni ya maiyo kwa akazi awo. Ndinatuluka, ndinailemba mufoni ya akazi awo, ndipo iwo anandipatsa malalanje awiri a m'thumba la odwala kuti ndidye panjira. Tsiku limenelo ndinagona kwathu. Nditauza atate kumene ndinachokera, anafunsa ngati mnzawoyo akutha kudya yekha. Mawa lake anatseka golosale n'kukwera minibasi ya ku Mpanshya.

Amalume anatuluka m'chipatala, anakhala madzinja ena awiri ku famu, kenaka anamwalira. Pa maliro anthu anadzaza. Panabwera oyendetsa ndeke ambiri amene anadutsa m'manja mwawo, ndipo zabwino zimene ananena za iwo zinali zoona. Ine ndinakhala ndi azimai kumbuyo kwa nyumba, kutunga madzi ndi kutsuka mbale.

Patapita milungu ingapo ndinalowa mu ofesi ya ba sisi kukatenga mapepala a ulendo, ndipo ndinalimba mtima kuwafunsa ngati amalume anawaimbirako foni.

"Anaimba," anatero. "Kamodzi, masana, ndili pa desiki pano. Poyamba sindinawazindikire chifukwa cha kalankhulidwe. Anafunsa za ana. Anati ku Rufunsa mvula yachedwa, chimanga chayamba kufota. Ine ndinkangodikira. Anakhala chete, ndikumva akupuma. Kenaka anati, chabwino mai, n'kudula."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati zikomo poimba. Umafuna ndinene chiyani?"

Anatenga ndodo yawo, anadzuka pang'onopang'ono, n'kupita ku shelefu kukanditengera mapepala. Ndinafuna kuwathandiza, koma anandiletsa ndi dzanja.